Chifukwa chake mpweya umazemba bowo lotentha pansanja ya dzuwa

Aliyense amene anathirapo mafuta ophikira m'chiwaya amadziwa zimene zimachitika. M'mawa wa mwezi wa Juni mafutawo amatuluka m'botolo mozengereza, koma akangomva moto amasanduka ngati madzi, n'kumathamangira paliponse m'chiwayamo. Uchi nawonso umatero. N'chifukwa chake m'mitu mwathu munakhazikika zoti chinthu chikatentha chimayenda mosavuta. Koma mpweya sutero ayi. Mpweya ukatentha umayamba kunanda, ndipo umavutika kudutsa pamalo opanikizika. Khalidwe limeneli, limene kukhitchini sitingalione ndi maso, lakhala likuzunguza mitu ya akatswiri a mphamvu ya dzuwa ku Germany, Spain ndi Israel kwa zaka zoposa 30, ndipo linasungunulapo zipangizo zimene papepala zinkaoneka kuti sizingasungunuke.

Nkhaniyi si ya masola amene tazolowera kuwaona pamadenga, amene amasandutsa kuwala kukhala magetsi pompopompo. Iyi ndi ya nsanja za dzuwa. Pabwalo lalikulu amaimikapo akalilole mazanamazana, mwinanso zikwi, aliyense ndi kamota kake komutembenuza kuti azilondola dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akalilole onsewo amaponya kuwala kwawo pamalo amodzi, pamwamba pa nsanja. Dzuwa likaswa mtengo kumwamba kuli mbee, sikweya mita iliyonse imalandira pafupifupi kilowati imodzi. Pansanjapo mphamvuyo imachuluka maulendo mazana angapo, nthawi zina kufika 1,000. Chipangizo chimene amachiika pamenepo kuti chilandire moto wonsewo amachitcha receiver, ife tingoti cholandirira. Chimamwa kuwala, chimatentha, kenako chimapatsira kutenthako ku chinthu china choyenda, chimene chimatsika nako kukawiritsa madzi kuti nthunzi ipukuse makina opanga magetsi.

Nsanja zambiri zimene zikugulitsa magetsi lero zimagwiritsa ntchito mapaipi. Khi Solar One, pafupi ndi Upington ku South Africa, inayamba kugwira ntchito mu 2016 ndipo imapanga mamegawati 50 powiritsa madzi m'mapaipi pamwamba pa nsanja pomwepo. Noor III ya ku Ouarzazate m'dziko la Morocco, ya mamegawati 150, imayendetsa mchere wosungunuka. Mcherewu si wa m'ndiwo, ndi wosakaniza sodium nitrate ndi potassium nitrate, ndipo umasunga kutentha bwino kwambiri, moti magetsi amapangidwabe dzuwa litalowa. Koma uli ndi malire ake. Amautenthetsa kulekeza pa madigiri 565 chifukwa kupitirira apo umayamba kuwonongeka ndi kudya zitsulo. Ukazizira kutsika cha m'ma 220 umauma gwa m'mapaipi, ndipo kuusungunulanso ndi ntchito yaikulu.

Apa m'pamene mpweya umakopa anthu. Ndi waulere, uli paliponse, suuma usiku, ukatayika palibe amene wavulala, ndipo ungathe kuutenthetsa kufika madigiri 700, 1,000 kapena kuposa osasintha n'kukhala chinthu china. Koma walira mvula walira matope. Mpweya ndi wonyamula katundu wofooka. Kilogalamu imodzi ya mpweya imanyamula gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a kutentha kumene kilogalamu ya madzi inganyamule, komanso kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mpweyayo mufunika malo otsala pang'ono kukwana kiyubiki mita yathunthu. Mukauyendetsa m'paipi imene kunja kwake kukuwombedwa ndi dzuwa lochulukitsidwa maulendo 500, mpweyawo sungalande kutenthako mwachangu. Paipi imapsa mpweya usanatenthe mokwanira.

Nzeru imene inabwera ndi yosiya mapaipi n'kuika chinthu cha timabowo tambirimbiri. Kuwala kulowe m'timabowomo, kumwedwe pang'onopang'ono mkati, ndipo kumbuyo kwake kukhale fani yaikulu yoyamwa mpweya wa panja kuti udutse m'timabowo tomwemo. Popeza makoma a timabowo ndi ambiri, malo amene mpweya ukukhudzana ndi chinthu chotentha amakula koopsa ngakhale chipangizocho chikhale chaching'ono. Ena amaluka mawaya achitsulo n'kuwasanjikiza ngati maukonde. Ena amaumba seramiki (choumba chowotcha cholimba ngati mbale yadothi) yooneka ngati siponji, yamabowo opita uku ndi uku. Enanso amaumba yooneka ngati chisa cha njuchi, ya timakwalala towongoka toyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Amakaniko amachidziwa bwino chachitatuchi. Mukang'amba chigubu choyeretsa utsi chimene chimakhala m'njira ya ekizozi ya galimoto, mumapeza kachibulumwa kopepuka kokhala ndi timabowo ta ngodya zinayi tondandalika mwadongosolo, ndipo mukakaloza kudzuwa mumaona kuwala kukudutsa mbali ina. Zolandirira zina zoyambirira zinayesedwa ndi zinthu za mtundu womwewo.

Chimene akatswiri ankayembekezera chinali chokongola ndithu. Mpweya wolowa ndi wozizira, ndiye uyenera kuziziritsa nkhope ya cholandirira, moto weniweni n'kukakhala mkati. Zimenezi n'zofunika chifukwa chinthu chotentha chimataya mphamvu poyaka, monga mmene mumamvera kutentha kwa makala muli patali osawakhudza, ndipo kutayako kumakwera msanga zedi. Nkhope imene ili pa madigiri 1,000 imataya mphamvu yochuluka maulendo anayi ndi theka poyerekeza ndi imene ili pa madigiri 600. Choncho mukatha kutulutsa mpweya wotentha kuposa nkhope ya cholandirira, mwapeza phindu limene paipi singakupatseni, chifukwa paipi nthawi zonse imatentha kunja kuposa zimene zikuyenda mkati mwake.

Zambiri mwa zoyesazi zinachitikira ku Plataforma Solar de Almería, m'chipululu cha Tabernas kummwera kwa Spain, malo ofufuzira amene amayendetsedwa ndi bungwe la boma la CIEMAT. M'zaka za m'ma 1980 anayesako zolandirira za mawaya zopangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya Sulzer. Mu 1993 cholandirira cha mawaya chotchedwa TSA, cha mamegawati 2.5 a kutentha, chinatulutsa mpweya wa madigiri 700 pansanja ya komweko yotchedwa CESA-1. Koma waya wachitsulo ali ndi polekezera, ndipo ofuna kukwera kuposa apo anatembenukira ku seramiki ndi zinthu zina. M'zoyesa zosiyanasiyana munayamba kuoneka chinthu chodabwitsa. Chida choyezera mpweya wotuluka chinkaonetsa kutentha kwabwinobwino, koma pankhope ya cholandirira pankabuka kadontho kowala kuposa pena paliponse, kenako pamalopo n'kupsa kapena kusungunuka. Seramiki ya cordierite, yomwe ija ya m'ekizozi, imasungunuka cha pa madigiri 1,450, koma inasungunukapo pamene mpweya wonse ukauphatikiza unali pansi pa mlingo umenewo ndi madigiri mazanamazana.

Mu 1996 Abraham Kribus wa ku Weizmann Institute, malo ofufuzira za sayansi ku Israel, ndi anzake anaonetsa mwa masamu kuti vutoli silinali la kupanga kolakwika. Linali m'khalidwe la mpweya weniweniwo. Akatswiri a DLR, bungwe lofufuza za ndege, zamlengalenga ndi mphamvu ku Germany, kuphatikizapo Robert Pitz-Paal, Bernhard Hoffschmidt ndi Thomas Fend, anapitiriza kulifufuza poyesa zinthu zosiyanasiyana, ndipo pofika 2006 zinali zitamveka kuti ndi zinthu ziti zimene zimagwa m'vutoli, nanga ndi ziti zimapulumuka.

Tiyeni tilowe m'kabowo kamodzi tione. Timabowo tonse ta cholandirira tili ndi khomo limodzi, ndilo mpweya wa panja, ndiponso potulukira pamodzi, ndipo m'chipinda cha kumbuyo kumene fani ikuyamwa. Ndiye kuti mphamvu yokoka ndi yofanana pa kabowo kalikonse. Fani sidziwa kuti kabowo aka kakulandira mpweya wochuluka bwanji, imangoona wonse pamodzi. Dzuwa nalo silifika mofanana. Akalilole amaunjika kuwala kwambiri pakati kusiyana ndi m'mphepete, kalilole wina amaloza mopendekeka pang'ono, mtambo umaphimba mbali imodzi ya bwalo. Tsono kabowo kena kamatentha kuposa anzake. Mpweya wa m'menemo umafufuma. Kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 700, mpweya umatenga malo ochuluka maulendo opitirira atatu, ndiye kuti uyenera kuthamanga katatu kuti kilogalamu yomweyo idutse. Kunanda kwake, kumene asayansi amati viscosity, kumawirikiza kawiri ndi kupitirirapo. Mukaphatikiza ziwirizi, kukankha kilogalamu ya mpweya wotenthawo m'kabowo kowongoka kumafuna mphamvu yochuluka maulendo oposa 7.

Mphamvu yokoka sinasinthe, choncho m'kabowo kotenthaka mumayamba kudutsa mpweya wochepa. Mpweya wochepa ukutanthauza kuziziritsa kochepa. Kabowo kamatentheratu, mpweya umananda kwambiri, umachepanso, kabowo n'kutenthanso. Wotsalawo umakhotera ku timabowo tozizira kumene njira ili yofewa, kumenenso sukufunika kwenikweni. Madzi saiwala khwawa, nawonso mpweya umatsata pofewa. Ichi n'chimene chimandigwira mtima pankhani yonseyi: malo amene akufuna thandizo kuposa ena onse ndi amene amamanidwa, ndipo kumanidwako kumadzikulitsa kokha popanda wina kulakwitsa kanthu. Chimene chimaletsa kutenthako kukwera mpaka kalekale ndi kutaya mphamvu poyaka kuja, koma nthawi zina mlingo umene zinthu zimakakhazikikapo umakhala utadutsa kale pamene seramiki imasungunukira.

Nanga bwanji mawaya a TSA sanapse chonchi? Yankho linachokera ku malamulo awiri akale amene sanalembedwere za dzuwa n'komwe. Mu 1856 Henry Darcy, injiniya amene anakonza zobweretsa madzi akumwa mumzinda wa Dijon ku France, anayeza mmene madzi amadutsira mumchenga. Anapeza kuti mukafuna madzi ochuluka kawiri, mukankhe ndi mphamvu yochuluka kawiri. Mu 1901 Philipp Forchheimer wa ku Austria anawonjezera kuti madzi kapena mpweya zikamathamanga m'njira zokhotakhota, pamabwera kulimbana kwina kochokera ku kugundagunda ndi kukhota. Kulimbana kwachiwiriku sikudalira kunanda, ndipo kumakwera mowirikiza: liwiro likachuluka kawiri, iko kumachuluka kanayi. Chinthu chilichonse cha timabowo chili ndi mitundu yonse iwiri ya kulimbanaku, koma mosiyana kuchuluka. Timakwalala towongoka ndi tosalala ta chisa cha njuchi timatsamira kwa Darcy. Mawaya oluka ndi siponji ya mabowo akuluakulu, mmene mpweya umakhota pa mamilimita angapo alionse, zimatsamira kwa Forchheimer.

Kuti kusiyanaku kuoneke bwino, tiwerengere mongoyerekeza, ngati kuti kabowo konse kali pa kutentha kwa potulukira ndipo palibe mphamvu ikutayika. Mpweya ukulowa pa madigiri 20, ukutuluka pa 620. Pachitika kanthu kena, mpweya wodutsa wachepa ndi theka. Dzuwa ndi lomwelo, ndiye wotsalawo usenza moto wonse, utuluka pa madigiri 1,220. M'kabowo ka mtundu wa Darcy, kuchepa kwa mpweya kwadula kulimbana ndi theka, koma kufufuma ndi kunanda kwakuchulukitsa maulendo pafupifupi 2.4. Mapeto ake theka la mpweya likufuna mphamvu yokoka yoposa imene mpweya wonse unkafuna poyamba, ndi magawo pafupifupi 20 pa 100. Fani ilibe yowonjezerayo, choncho mpweya uchepanso. M'chinthu cha mtundu wa Forchheimer, theka la mpweya limatsitsa kulimbana kufika pa gawo limodzi mwa anayi, ndipo kufufuma kumangokukweza maulendo 1.7. Zotsatira zake n'zosakwana theka la mphamvu imene ilipo. Yotsalayo imakoka mpweya wina kulowa, malowo n'kuziziranso. Chinthu choyamba chikaterereka chimapitirira kugwa, chachiwiri chimadzuka chokha.

Apa m'pamene panachokera mankhwala amene poyamba amamveka ngati osemphana ndi nzeru. Ngati cholandirira chanu chili cha timakwalala towongoka, mumachiwonjezera chopinga. Kumbuyo kwa chigawo chilichonse cha cholandiriracho mumaika kachitsulo kokhala ndi bowo lopanikiza, kuti mpweya uzifinyika podutsa. Bowo lotere limabweretsa kulimbana kwa mtundu wa Forchheimer, ndipo likakhala lamphamvu kuposa kulimbana kwa m'timakwalala, ndi lomwe limalamula kuchuluka kwa mpweya. Pali phindu linanso. Zigawo za pakati, zimene zimalandira dzuwa lambiri, mumazipatsa bowo lalikulu, za m'mphepete laling'ono, kuti mpweya wonse utuluke ndi kutentha kofanana. Mtengo wake ndi wakuti fani imadya magetsi ambiri, magetsi amene akanagulitsidwa.

Mankhwala achiwiri ndi kusankha chinthu chimene chimagawana kutentha msanga. Cordierite imasunga moto pamalo amodzi ngati njerwa. Silicon carbide, chinthu cholimba chija chimene amapangira sandipepala wakuda ndi miyala yonolera ya pa galainda, imayendetsa kutentha pafupifupi ngati chitsulo. Kadontho kotentha kakayamba, makoma amakoka motowo n'kuugawira ku timabowo toyandikana kasanakule. Achitatu ndi kulola mpweya kuyenda cham'mbali. M'siponji mpweya wozizira ungathe kulowerera kumalo otentha kuchokera pambali, pamene m'chisa cha njuchi mpweya ukalowa m'kakwalala kake watsekeredwa mpaka potulukira.

Palibe chinthu chimodzi chimene chimapambana pa zonsezi. Makoma ochindikala amayendetsa bwino kutentha, koma amakulitsa nkhope yolimba imene dzuwa limagunda lisanalowe mkati, nkhopeyo n'kutentha, phindu lija la nkhope yozizira n'kutha. Timabowo ting'onoting'ono timapatsira mpweya kutentha mwachangu, koma kuwala sikulowa patali ndipo kulimbana kwa Darcy kumakula. Mabowo akuluakulu amalowetsa kuwala mpaka mkati, koma mpweya wina umadutsa osakhudza khoma. Ndiponso silicon carbide ikamayendetsa moto cham'mbali, imauyendetsanso chakutsogolo, kunkhope komwe sitikuufuna. Kunena mosapita m'mbali, zolandirira zambiri zimene zayesedwa sizinafike pa loto loyamba lija la mpweya wotentha kuposa nkhope. Opanga anasankha chinthu chokhalitsa kusiyana ndi chokolola zambiri kwa sabata imodzi, ndipo ine ndikuona kuti anasankha bwino.

Zonsezi zinakumana pansanja ya ku Jülich, tauni ya pakati pa Cologne ndi Aachen kumadzulo kwa Germany. Kumeneko si kwadzuwa ngati ku Upington, ndipo nsanjayo anaimanga kuti aphunzirirepo, osati kuti alemere nayo. Inamalizidwa kumapeto kwa 2008, ndi yaitali mamita 60, ili ndi akalilole oposa 2,000, ndipo inapangidwa kuti izitulutsa mamegawati 1.5 a magetsi. Kuyambira 2011 ili m'manja mwa DLR. Cholandirira chake ndi cha masikweya mita pafupifupi 22, koma si chibulumwa chimodzi. Ndi tizigawo toposa 1,000 ta silicon carbide, kalikonse ka nkhope ya masentimita 14 m'litali ndi m'lifupi, kokwana m'manja awiri, ka timakwalala ta mamilimita pafupifupi awiri. Kagawo kalikonse kamakhala m'kapu yake ya seramiki, kapuyo n'kulowa m'paipi yachitsulo imene ili ndi bowo lake lopanikiza. Kugawa chonchi kumathandiza pawiri: seramiki ikamafutukuka ndi kutentha siisweka chifukwa kagawo kalikonse kali ndi mpata, ndipo kena kakawonongeka mumangochotsa komweko. Mpweya umatuluka cha pa madigiri 680, n'kupita kukawiritsa madzi kapena kukatenthetsa mulu wa seramiki umene umasunga moto wogwiritsa ntchito mtambo ukabwera.

Mpweya ukamaliza ntchito yake pansi umakhala udakali wofunda, ndipo kuutaya ndi kutaya ndalama. Ku Jülich amaubweza kumwamba, n'kuutulutsira m'mipata ya pakati pa tizigawo tija. Podutsa umaziziritsa zitsulo zogwiriziza, ndipo ukafika kunkhope umayamwidwanso. Koma cholandiriracho chili poyera, mamita makumi angapo m'mwamba, ndipo mphepo ikawomba imaulutsa gawo lina la mpweya wofundawo. Umenenso wabwererawo sugawika mofanana, choncho tizigawo tina timayamwa wofunda, tina wozizira, ndipo funso lija la kusiyana kwa kutentha labwereranso podzera khomo lina. Oyendetsa nsanja amayang'ana nkhope yonse ndi kamera yoona kutentha, ndipo salozetsa akalilole onse pakadontho kamodzi. Amawabalalitsa kuti moto ufalikire.

Wina angafunse kuti bwanji kuvutika chonchi pamene masola a padenga atsika mtengo ndipo nsanja za mchere zikugwira kale ntchito. Pa magetsi okha funsolo n'lomveka, ndipo mpaka pano mpweya sunaulande msika mchere. Koma pali ntchito zimene zimafuna moto weniweni woposa madigiri 565. Kuwotcha miyala ya laimu kumafuna cha m'ma 900, ng'anjo ya simenti cha m'ma 1,450, ndipo lero zonsezi zimadya malasha, gasi kapena mafuta. Palinso kupanga mafuta kuchokera ku madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Mu 2022 gulu la Aldo Steinfeld la ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland linalengeza kuti lapanga mafuta a ndege pansanja yaing'ono ya ku Móstoles, pafupi ndi Madrid, pogwiritsa ntchito siponji ya seramiki ya mtundu wotchedwa ceria yotenthetsedwa cha pa madigiri 1,500. Mmenemonso kuwala kuyenera kulowa mozama m'timabowo ndipo kutentha kuyenera kugawika bwino, apo ayi kutsogolo kupsa kumbuyo kusanagwire ntchito. Ku Stellenbosch University ku South Africa akufufuza zotenthetsa mpweya ndi dzuwa n'kusunga motowo m'mulu wa miyala wamba, ndipo mulu wa miyala nawo ndi chinthu cha mabowo chimene chimamvera Darcy ndi Forchheimer.

Masiku ano makina osindikiza zinthu a 3D akulola kuumba chimene kale chinali chosatheka: kutsogolo mipata ikuluikulu ndi makoma opyapyala kuti kuwala kulowe, mkati timabowo tocheperachepera kuti mpweya ulande moto wonse, m'makoma timazenera toti mpweya uzidutsa cham'mbali. Komabe chilichonse chatsopano chisanakwezedwe pansanja chimayamba chadutsa pa mayeso osavuta a patebulo, popanda dzuwa. Amadula kachidutswa, amakaika m'paipi, amapemereramo mpweya wozizira pa maliwiro osiyanasiyana, n'kumalemba mphamvu imene ikufunika pa liwiro lililonse. Manambalawo akawajambula papepala n'kutuluka mzere wowongoka, Darcy ndiye akulamula, ndipo chinthucho chifunika bowo lopanikiza kumbuyo kapena makoma oyendetsa bwino kutentha chisanaone dzuwa lamphamvu. Mzerewo ukapindikira m'mwamba, amachipititsa ku ng'anjo ya dzuwa, kumene akalilole amaunjika kuwala pamalo amodzi, kuti akachiyese ndi moto weniweni, kamera yoona kutentha ili chilozere pankhope pake.